Kabotolo Kolankhulira Thupi Lonse: Sampulo Yabwino Imadziwika Bwanji?

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita 5 m'thupi mwake. Akapita kukayezetsa, amene amatengedwa pamkono ndi ochepa zedi, mwina mamililita 4, osadzaza n'kasupuni komwe. Komabe zotsatira zikatuluka, dokotala sanena kuti, "Magazi a m'kabotolo aja ali ndi vuto." Amati, "Magazi anu achepa," n'kulemba mankhwala a munthu yense. Kabotolo kaja kalankhulira thupi lonse, ndipo tonse timangovomera osafunsa kuti udindo woterowo kautenga kuti.

Kachigawo kotengedwa kuti kaimire chinthu chachikulu ndiko kamatchedwa sampulo. Ena amati chitsanzo, koma mawu awiriwa amasiyana. Chitsanzo umachisankha kuti chionetse zimene ukuzidziwa kale, pomwe sampulo umaitenga kuti ikuuze zimene sukuzidziwa. A mu labotale amakhala ndi masampulo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Akatswiri a zolembalemba, amene amasanthula ndakatulo, masewero ndi mabuku a nthano, mawuwa sawakonda kwenikweni, chonsecho ntchito yawo ndi yomweyo. Palibe amene anawerengapo zonse zimene zinalembedwa m'zaka zana limodzi, ngakhale m'chinenero chimodzi chokha. Aliyense amawerenga pang'ono n'kulankhula za zambiri. Funso la onsewa ndi limodzi: kodi chimene chili m'manjachi chili ndi ufulu wolankhulira chimene chatsala?

Magazi ali nawo ufulu umenewo pa chifukwa chosavuta. Munthu akangokhala phee, mtima umapopa pafupifupi malita 5 pa mphindi iliyonse, kutanthauza kuti magazi onse amakhala akuzungulira ndi kusakanikirana usana ndi usiku. Otengedwa kumkono wamanja sasiyana kwenikweni ndi a kumkono wamanzere. Thupi lagwira kale ntchito yovuta ija yosakaniza, wotenga sampulo asanafike. Chifukwa cha mwayi umenewu, anthu ambiri amaganiza kuti kutenga sampulo ndi kungotapa. Zinthu zambiri m'dziko muno sizili ngati magazi.

Taganizirani mtedza wodzaza lole umene ukufunika kuyezedwa ngati uli ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku cha mtundu wa Aspergillus. Poizoniyu safalikira mofanana m'matumba onse. Amaunjikana m'njere zochepa kwambiri, zina zonse zili bwinobwino. Paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, komatu vuto la woyeza n'lakuti ayenera kuipeza kaye yowolayo. Akatapa dzanja limodzi pakamwa pa thumba, akhoza kuphonya njere zoipa zonse n'kunena kuti katundu ali bwino, kapena kugwera pa njere imodzi yoipitsitsa n'kukanitsa lole yonse. N'chifukwa chake bungwe la Codex Alimentarius, limene limaika miyezo ya zakudya zogulitsidwa pakati pa mayiko, poika malire a mamaikulogalamu 15 pa kilogalamu ya mtedza wopita kukakonzedwa, linanenanso kuti sampulo yake ikhale ya makilogalamu 20. Amatapa pang'onopang'ono m'malo ambiri, n'kugaya zonse pamodzi, kusakaniza, kenako n'kutengapo kachigawo kopita m'makina. Kugaya kuja n'kuyesa kupanga ndi manja chimene mtima umachita wokha.

Amene anaika nkhani imeneyi m'masamu ndi Pierre Gy, katswiri wa ku France amene anayamba kuifufuza cha m'ma 1950 akugwira ntchito za migodi. Mulu wa miyala yogayidwa sukhala wofanana paliponse: tizidutswa tating'ono ndi tolemera timatsikira pansi, zikuluzikulu zimagubudukira m'mphepete. Lamulo lake linali lakuti kachidutswa kalikonse ka mu muluwo kakhale ndi mwayi wofanana wolowa mu sampulo. Chotapidwa pamwamba, pamene fosholo yafika mosavuta, iye ankakana n'kuchitcha komwe sampulo. Mfundo ina yowawa ya m'chiphunzitso chake ndi yakuti kuyang'ana sampulo sikungakuuzeni ngati ikuimira mulu wonse. Chimene chingakuuzeni ndi njira imene inatengedwera basi.

Pali mtundu wina wa sampulo umene umachita zosemphana ndi zimenezi, ndipo tiusunge m'maganizo poti tikumana nawonso. Dokotala akakayikira khansa, sadula kanyama paliponse m'thupi mwachisawawa. Amalunjika pa chotupa penipeni. Cholinga apa si kudziwa mmene thupi lonse lilili, koma kufufuza malo amodzi okayikitsa. Komabe singano ikhoza kudutsa pambali. Pofufuza khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, mwachitsanzo, nthawi zambiri amabaya malo 10 mpaka 12 kuti achepetse mwayi wophonya. Kanyamako kakapezeka ndi khansa, umboni ndi wamphamvu. Kakapezeka kopanda kanthu, kangonena za malo amene singano inadutsa.

Ndiye pali nthawi. Mazira a tizilombo ta likodzo amatuluka ambiri mu mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka m'madontho omalizira. Tinyongolotsi ta Wuchereria bancrofti, timene timayambitsa matenda otupitsa miyendo, m'madera ambiri timabisala m'mitsempha ya m'mapapo masana n'kutulukira m'magazi a kufupi ndi khungu usiku, kotero woyeza amayenera kudzuka pakati pa 10 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha. Shuga wa munthu wosadya amayezedwa patapita maola 8 osaika kanthu kukamwa. Magazi ofuna kumeretsa mabakiteriya amatengedwa wodwala asanayambe mankhwala opha mabakiteriyawo, apo ayi mwapha mboni musanaifunse. Pa zonsezi munthu ndi yemweyo, makina ndi omwewo, koma koloko yokha ikhoza kusintha yankho.

Chifuwa chachikulu chimaphunzitsa china. Chofunika m'kabotolo ndi makhololo ochokera pansi m'chifuwa, koma odwala ambiri, poti kutsokomola mwamphamvu kumapweteka kapena poti sanauzidwe bwino, amabweretsa malovu. Wa mu labotale amazindikira: malovu amakhala amadzimadzi, ndipo pa maikulosikopu amaoneka odzaza ndi maselo aphwatalala a m'kamwa. Kuti tizilombo ta TB tioneke pagalasi lopakidwa utoto, timafunika kukhala tokwana 5,000 mpaka 10,000 pa mililita imodzi. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2010, amatola ngakhale titakhala tochepa kwambiri kuposa pamenepo. Koma palibe makina, kaya akhale odula chotani, amene angapeze chinthu chimene sichinalowe m'kabotolo.

Sampulo ikatengedwa bwino, ulendo wake wangoyamba kumene. Magazi ndi chinthu chamoyo ndipo sasiya kusintha poti achoka m'thupi. Maselo amapitiriza kudya shuga, moti m'kabotolo kongosiyidwa patebulo shuga amatsika ndi 5 mpaka 7 peresenti pa ola lililonse. Potaziyamu wa m'kati mwa maselo ofiira ndi wochuluka kuposa wa kunja kwake maulendo oposa 20, ndiye maselowo akasweka, kaya chifukwa cha singano yopyapyala, kukoka sirinji mwamphamvu kapena kukhutchumula kabotolo, potaziyamu amakhuthukira kunja n'kuonetsa nambala yoopsa pa munthu amene ali bwinobwino. Timabotolo ta chivindikiro cha mtundu wa pepo timakhala ndi mankhwala a EDTA oletsa magazi kuundana. Mankhwalawa ali ndi potaziyamu ndipo amagwira kashiamu. Kadontho kake kakalowa m'kabotolo kotsatira, zotsatira zimaonetsa potaziyamu wokwera ndi kashiamu wotsika mwa njira imene munthu wamoyo sangakhale nayo. N'chifukwa chake pali ndondomeko ya kabotolo koyamba kudzaza ndi kotsatira. Kutenga magazi pamkono umene pali diripi nakonso n'kuyeza madzi a m'diripi.

Mario Plebani ndi Paolo Carraro, ofufuza a ku Padua m'dziko la Italy, anawerenga zolakwika za mu labotale mu 1997 n'kupeza kuti 68 peresenti zinachitika sampulo isanafike pamakina. Atabwereza kafukufukuyu patapita zaka 10, chiwerengerocho chinali chikadali pafupifupi 62 peresenti. Anthu amakonda kukayikira makina, koma makina ndi amene amalakwa kamodzikamodzi. Ndipo cholakwika choopsa kuposa zonse n'chopanda sayansi iliyonse: kumata dzina la munthu wina pa kabotolo. Zotsatira zimatuluka zolondola bwinobwino, koma za mwini wina.

Mwayi wa labotale ya kuchipatala ndi wakuti ikakayikira imakana sampuloyo n'kuitanitsa ina. Wodwala amadandaula kubayidwa kawiri, koma nkhani imathera pomwepo. Zinthu zimavuta pamene kubwerera n'kosatheka. Mu April 1988, kachidutswa ka nsalu yotchuka ya ku Turin m'dziko la Italy, imene ena amakhulupirira kuti inakulunga mtembo wa Yesu, kanadulidwa n'kugawidwa ku malabotale atatu, ku Oxford, Zurich ndi Arizona, kuti ayeze zaka zake pogwiritsa ntchito kaboni-14, mtundu wa kaboni umene umachepa pang'onopang'ono chamoyo chikafa. Onse atatu analoza ku nyengo ya pakati pa 1260 ndi 1390. Asayansi ambiri amavomereza zimenezi, komabe mkangano sunathe, ndipo otsutsa sakayikira kwenikweni makina. Amaloza pa mfundo yakuti tizidutswa tonse titatu tinachokera pa ngodya imodzi, malo amene manja akhala akugwira kwa zaka mazanamazana. Kaya otsutsawo akulondola kapena ayi, khomo analitsegula ndi amene anasankha podula. Malabotale atatu oyeza ngodya imodzi akadali oyeza ngodya imodzi.

Wofufuza zolembalemba amakhala m'vuto la mtundu umenewu pafupifupi masiku onse. Wolembayo anamwalira kalekale, sangapemphedwe kuti alembenso.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri pano ndi ya Thomas Mendenhall, katswiri wa fizikisi wa ku America. Iye ankaganiza kuti wolemba aliyense ali ndi chizindikiro chake chobisika mu utali wa mawu amene amagwiritsa ntchito. Mu 1901 anafalitsa zotsatira za ntchito yotopetsa zedi: amayi awiri anawerenga zilembo za mawu pafupifupi 2 miliyoni, limodzilimodzi, kuphatikizapo pafupifupi 400,000 a William Shakespeare ndi ena ambiri a Francis Bacon, amene anthu ena ankati ndiye analemba masewero a Shakespeare mobisa. Anapeza kuti Shakespeare ankachulukitsa mawu a zilembo zinayi, Bacon a zilembo zitatu. Basi, Bacon wapulumuka. Chodabwitsa chinali chakuti Christopher Marlowe, wolemba masewero wina wa m'nyengo yomweyo, anafanana ndi Shakespeare ngati mapasa, ndipo okonda mphekesera anakondwera nazo kwa zaka zambiri.

Sampulo inali yaikulu, kuwerenga kunali kosamala. Koma mu 1975 C. B. Williams anaonetsa pamene panali bowo. Masewero a Shakespeare ndi a Marlowe mbali yaikulu ndi ndakatulo, pomwe Bacon ankalemba nkhani wamba. Williams anatenga wolemba mmodzi amene analemba mitundu yonse iwiri, Philip Sidney, n'kuwerenga chimodzimodzi. Ndakatulo za Sidney zinapendekera kwa Shakespeare, nkhani zake wamba zinapendekera kwa Bacon. Chimene Mendenhall anayeza sichinali kusiyana kwa anthu awiri, koma kusiyana kwa ndakatulo ndi nkhani wamba. Ndi malovu aja, obweretsedwa m'malo mwa makhololo, kungoti anabwera odzaza mbiya.

Pamene ntchitoyi inayenda bwino ndi pa nkhani 85 zotchedwa Federalist Papers, zimene zinatuluka mu 1787 ndi 1788 polimbikitsa anthu kuvomereza malamulo oyendetsera dziko la United States. Zonse zinasainidwa ndi dzina longopeka lakuti Publius, koma olemba anali atatu: Alexander Hamilton, James Madison ndi John Jay. Nkhani 12 zinali pa mkangano pakati pa Hamilton ndi Madison. Apa zoyerekeza zinali zofanana mwachibadwa: mtundu umodzi wa zolemba, mutu umodzi, nyengo imodzi, owerenga amodzi. Akatswiri a masamu Frederick Mosteller ndi David Wallace, amene buku lawo linatuluka mu 1964, sanadalire utali wa ziganizo, poti Mosteller anali atayesa kale zimenezo n'kupeza kuti amuna awiriwa ankalemba ziganizo za mawu pafupifupi 34 ndi theka onse. Sanadalirenso mawu akuluakulu onga ufulu kapena nkhondo, chifukwa amenewo amatsata mutu wa nkhani. Anatsata timawu tating'ono tolumikizira ziganizo, timene munthu amalemba osaganiza. Hamilton ankalemba "upon" pafupifupi katatu pa mawu 1,000 alionse, Madison mwa apo ndi apo. Hamilton ankati "while", Madison "whilst". Poona kuti nkhani zodziwika kuti ndi za Madison zinali 14 zokha, anawonjezera sampulo yake ndi zolemba zake zina za ndale. Umboni unaloza kwa Madison pa nkhani zonse 12.

Timawu tating'onoti tikufanana ndi magazi pa chinthu chimodzi: tili paliponse, tosakanikirana m'zolemba zonse za munthu. Mawu osowa ali ngati njere ya chuku ija, akhoza kupezeka kasanu pa tsamba limodzi n'kusowa m'masamba zana. Komabe ngakhale timawu tofala timafuna malo okwanira kuti chizolowezi chioneke. Maciej Eder wa ku Kraków m'dziko la Poland anayesa masampulo a utali wosiyanasiyana m'zinenero zingapo, ndipo mu 2015 anaonetsa kuti pansi pa mawu 2,500 mpaka 5,000, malinga ndi chinenero ndi mtundu wa zolemba, zotsatira sizodalirika. Anapezanso kuti mawu otoledwa mwachisawawa m'buku lonse amagwira ntchito bwino kuposa chigawo chimodzi chotsatizana cha utali womwewo. Gy akanamva zimenezi akanangogwedeza mutu: tapa pang'ono m'malo ambiri. Choncho munthu akakuuzani kuti kompyuta yatsimikiza mwini wa kandakatulo ka mizere 14, muli ndi chifukwa chokwanira chokwinyira nkhope.

Zolemba nazo zimaipitsidwa panjira, ndipo n'zosangalatsa kuti akatswiri a mipukutu yakale amagwiritsa ntchito liwu lomwelo la kuipitsidwa limene a mu labotale amanena, makamaka pamene mlembi wasakaniza mawu ochokera m'mipukutu iwiri. Pakati pa dzanja la wolemba ndi maso athu pamadutsa anthu ambiri. Buku lalikulu loyamba la masewero a Shakespeare linasindikizidwa mu 1623, iye atamwalira zaka 7 m'mbuyomo. Charlton Hinman atayerekeza makope ambiri a bukuli tsamba ndi tsamba, anaonetsa mu 1963 kuti zilembo zinasanjidwa ndi amisiri asanu, aliyense ndi kalembedwe kake. Wina ankakonda "doe" ndi "goe", mnzake "do" ndi "go". Amene angawerenge masipelo a m'bukuli poganiza kuti akuyeza Shakespeare, akuyeza madzi a m'diripi. Masiku ano pawonjezeka wina wodutsa pakati: makina ojambula mabuku akale n'kuwasandutsa mawu a pakompyuta. Mabuku a Chingerezi osindikizidwa isanafike 1800 anali ndi chilembo cha s chachitali chofanana ndi f, ndipo makinawo amachisokoneza kawirikawiri. Wofufuza wosamala amachotsanso mawu oyamba a mkonzi ndi ndime zimene wolemba anangobwereka kwa ena, asanayambe kuwerenga kalikonse.

Kuchuluka nako kumanamiza. Mipukutu ya Chigiriki ya Chipangano Chatsopano ilipo pafupifupi 5,800, ndipo yambiri mwa iyo ndi ya mochedwa, yokoperedwa m'nyengo ya ufumu wa Byzantium. Pakakhala kusiyana pa vesi, kungowerenga kuti mbali iti ili ndi mipukutu yambiri sikuthandiza. Ngati mipukutu zana inakoperedwa kuchokera ku umodzi umene unali ndi cholakwika, zana lonselo ndi mboni imodzi yolankhula kazana. N'chifukwa chake Westcott ndi Hort, m'kope lawo la 1881, anapereka kulemera kwakukulu ku mipukutu yochepa yakale monga Codex Vaticanus ndi Codex Sinaiticus ya m'zaka za m'ma 300. Ndipo poti palibe gulu limene lingayerekeze mipukutu yonseyo liwu ndi liwu m'nthawi yochepa, Kurt Aland ndi anzake ku Münster m'dziko la Germany anachita zimene wa labotale akanachita. Anasankha malo oyesera, 98 m'makalata asanu ndi awiri a Yakobo, Petro, Yohane ndi Yuda, n'kuona mpukutu uliwonse pa malo okhawo kuti adziwe banja lake.

Koma akatswiri ambiri a zolembalemba sawerenga manambala. Amatenga ndime imodzi n'kuisenda mpaka pamtima. Katswiri wodziwika pa njira imeneyi ndi Erich Auerbach, amene atathawa ulamuliro wa Nazi analemba buku lake Mimesis ali ku Istanbul, kutali ndi nyumba zazikulu za mabuku zimene anazolowera, ndipo linatuluka mu 1946. Pafupifupi mutu uliwonse umayamba ndi kandime kochepa, n'kukula mpaka kulankhula za nyengo yonse. Mutu woyamba umaika pamodzi malo amene mayi wokalamba wantchito azindikira Odysseus, ngwazi ya m'ndakatulo yakale ya Chigiriki ya Homer, poona chipsera chapamwendo, ndi nkhani ya Abrahamu ndi Isake pa Genesis 22. Uku si kutapa mwachisawawa. Ndi singano ya dokotala ija, yolunjika pamene diso lozolowera laona kuti pali kanthu. Ndikuona kuti njirayi ndi yovomerezeka, ndipo nthawi zambiri imaona zimene kuwerenga manambala sikungaone. Ngozi yake ndi yakuti amene akusankha ndime ndi yemweyo amene ali ndi mfundo yofuna kutsimikiza. Wophunzira amene wagamula kale kuti wolemba wina amanyoza akazi adzapeza ndime zitatu zomuvomereza m'buku la masamba 400, ndipo mnzake wofuna kutsutsa adzapezanso zitatu. Onse abweretsa zitsanzo, palibe wabweretsa sampulo. Chimene ndimayang'ana m'nkhani yotere ndi chakuti kodi wolembayo wandionetsa ndime imene ikumutsutsa, ndipo wathana nayo bwanji. Akaibisa, ndimayamba kukayikira ndi zitatu zija zomwe.

Ena ayesa kumanga masampulo a chinenero mwadongosolo. Henry Kučera ndi Nelson Francis a ku Brown University anasonkhanitsa mawu 1 miliyoni kuchokera m'zolemba zosindikizidwa ku America m'chaka chimodzi chokha, 1961: zidutswa 500 za mawu pafupifupi 2,000 chilichonse, zogawidwa m'magulu 15, kuyambira nkhani za m'nyuzi mpaka nthano zachikondi. Poyerekeza ndi nkhokwe za masiku ano, kameneka n'kakang'ono. Ubwino wake n'ngwakuti aliyense amadziwa chimene chilimo ndi mmene chinalowera. Nkhokwe ya Google Books, ya mabuku mamiliyoni, imene anthu amakonda kujambulira mizere yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, ilibe ubwino umenewo. Ofufuza a ku Vermont, ku America, anaonetsa mu 2015 kuti zolemba za sayansi zinkachulukirachulukira m'nkhokweyi m'zaka za m'ma 1900, ndiponso kuti buku limene linawerengedwa ndi anthu mamiliyoni limalemera chimodzimodzi ndi limene palibe analitsegulapo. Mzere ukakwera, mwina chasintha ndi chinenero, mwinanso ndi zimene nyumba za mabuku zinkagula.

Zikatere tafika pa vuto lalikulu kuposa onse, limene wa labotale sakumana nalo kawirikawiri: sampulo inatengedwa kale ndi ena, popanda kusiya pepala lofotokoza. Franco Moretti, katswiri wa zolembalemba, anawerengetsera kuti munthu wodziwa mabuku a nthano 200 a ku Britain a m'zaka za m'ma 1800 amaoneka wowerenga kwambiri, chonsecho sanafike ngakhale 1 peresenti ya amene anasindikizidwa, omwe anali 20,000 kapena 30,000 kapena kuposa. Mazana awiriwo sanatoledwe mwamwayi. Ndi amene anapambana, osankhidwa ndi ogula, osindikiza ndi aphunzitsi, nthawi zambiri chifukwa anali osiyana ndi anzawo. Kufotokoza nthano za nyengoyo kuchokera pa iwo kuli ngati kuyeza thanzi la dziko lonse potenga magazi a othamanga opambana mipikisano. Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, moto, chinyezi ndi chiswe nazo zinasankha. Mu 2022 Mike Kestemont ndi anzake anabwereka masamu amene akatswiri a zachilengedwe amagwiritsa ntchito poyerekeza mitundu ya zamoyo imene sanaione, n'kuwayesa pa nthano za ngwazi za ku Europe za m'zaka zapakati, m'zinenero zisanu ndi chimodzi. Anapeza kuti nthanozo zinapulumuka pafupifupi 68 peresenti, koma mipukutu imene zinalembedwamo inapulumuka 9 peresenti yokha.

Masewero akale a ku Athens, ku Greece, amaonetsa bwino chimene kusankha kotere kumachita. Aeschylus analemba oposa 70, tili ndi 7. Sophocles analemba pafupifupi 120, tili ndi 7. Amenewa ndi amene anthu a m'mibadwo yotsatira anawasankha kuti aziwerengedwa ndi kukoperedwa, makamaka m'masukulu. Euripides, amene analemba pafupifupi 90, nayenso anasankhidwira 10, ndipo m'gulu limeneli muli aja owumitsa thupi: Medea wopha ana ake, Bacchae mmene mayi akhadzula mwana wake. Koma kwa Euripides kunachitika ngozi yabwino. Chigawo cha mpambo wa masewero ake onse, osanjidwa motsata zilembo zoyambira mitu yake, chinapulumuka n'kukoperedwa mumpukutu wa m'zaka za m'ma 1300 umene uli ku Florence m'dziko la Italy. Masewero 9 amenewo sanasankhidwe ndi mphunzitsi aliyense. Anatsala chifukwa mayina awo amayamba ndi zilembo zoyandikana za Chigiriki, ndipo chilembo sichidziwa sewero labwino kapena loipa. Oopsa alimo, monga Heracles. Koma mulinso Helen, Ion ndi Iphigenia wa ku dziko la Tauri, mmene otayana amapezana, ogwidwa amathawa mwanzeru, ndipo nkhani imatha anthu ali moyo. Mulinso Cyclops, sewero lokhalo lanthabwala la mtundu wa satyr (zilombo zokhala pakati pa munthu ndi nyama) limene latifika lathunthu. Pakanapanda zilembo zimenezi, bwenzi tikuganiza kuti bwalo la masewero la ku Athens linali lopapatiza kuposa mmene linalili.

Aeschylus ndi Sophocles analibe mwayi wa mpukutu wotere. Zimene zimanenedwa za ulemu ndi kulemera kwa Sophocles zatsamira pa masewero 7 osankhidwa aja, komanso pa tizidutswa. Chidutswa chimodzi chachikulu chinafukulidwa pa dzala lakale la mzinda wa Oxyrhynchus ku Egypt n'kusindikizidwa mu 1912. Ndi mizere pafupifupi 400 ya sewero lotchedwa Ichneutae, ndipo mmenemo Sophocles yemwe uja akuonetsa gulu la zilombo zanthabwala, zokhala pakati pa munthu ndi nyama, zikukwawa n'kumanunkhiza pansi ngati agalu, kusaka ng'ombe za Apollo zimene khanda Hermes laba.